Ndinawerenga manambala okha: mmene mauthenga a pafoni anandiphunzitsira Chitchaina

Ndinafika ku China mu Seputembala 2016 pa maphunziro olipiridwa ndi boma la dzikolo. Malo anandipatsa mumzinda wa Nanjing, m'chigawo cha Jiangsu: chaka chimodzi chophunzira Chitchaina chokhachokha, kenako zaka ziwiri za digiri yachiwiri. Ndalama yapamwezi inali ma yuan 3,000. Nambala imeneyi muisunge, tikumana nayonso kutsogoloku.

Tsiku lachiwiri ndinakagula simu khadi. Anafuna pasipoti, nambala n'kulembedwa m'dzina langa. Ndisanatuluke n'komwe m'shopumo foni inali italira kanayi, mauthenga onse ali m'zilembo zimene sindinkazidziwa. Ndinangowatseka, ndipo chizolowezi choipa chinayambira pomwepo. M'kalasi ndinali wakhama, ndinkaloweza zilembo usiku mpaka maso kuwawa, koma Chitchaina cha m'foni ndinkachiona ngati si changa. Pa WeChat, pulogalamu ya pafoni imene Atchaina amatumizirana mauthenga, ukagwiritsa chala pa uthenga pamatuluka batani lomasulira, ndiye ine ndinkathamangira batanilo osayang'ana n'komwe zimene mwiniwake walemba. Ma SMS, amene analibe batani loterolo, ndinkangowasiya kuti aunjikane. Ndinkati zonsezo n'zotsatsa malonda. Zambiri zinalidi zotero, koma pakati pake panali ena ofunika.

Chilango choyamba chinabwera mu Novembala. Nanjing ili kum'mwera kwa mtsinje wa Huai, ndipo mizinda ya mbali imeneyo ilibe mapaipi otenthetsa nyumba ngati aku Beijing. Kuzizira kwake n'kwa chinyezi, kolowa m'mafupa; Dedza ya mu Juni n'chabe. Mnzanga wina anandithandiza kuitanitsa jekete pa Taobao, msika wa pa intaneti. Ndinadikira sabata ziwiri ndikunjenjemera, ndikudabwa kuti palibe wogogoda pachitseko. Chonsecho jekete inafika tsiku lachitatu pa kashopu kosungira katundu pafupi ndi geti, ndipo ananditumizira uthenga katatu. Munali mawu awiri okha amene ndikanawadziwa sindikanavutika: 快递 (kuàidì), katundu wotumizidwa, ndi 取件码 (qǔjiànmǎ), nambala imene umakaonetsa potenga katunduyo. Ataona kuti palibe wobwera, jekete anaibweza kwa wogulitsa. Ndalama zanga zinabwerera, koma chifuwa chinandigwira sabata yathunthu.

Mu Januwale 2017, Chaka Chatsopano cha Atchaina chikuyandikira, Amalawi anzathu a ku Shanghai anatiitana kuti tikadyere limodzi nsima. Tikiti ya sitima ndinagula pa intaneti, pafupifupi ma yuan 140. Uthenga wotsimikizira utabwera ndinaona zilembo ziwiri zoyamba, 南京, Nanjing, ndinaona nthawi, basi. Masiku amenewo ife a mapasipoti tinkayenera kukatenga tikiti ya pepala pawindo. Ndinaima pamzere mphindi makumi anayi pa siteshoni yaikulu ya pakati pa mzinda. Nditafika pawindo, mayi wogulitsa matikiti anaika chala pa chilembo chachitatu: 南京南站. Sitima yanga inkanyamukira ku siteshoni ya kum'mwera, ulendo wa theka la ola pa sitima yapansi. Chilembo chimenecho, 南, nán, kum'mwera, tinachiphunzira sabata yoyamba yeniyeni, ndipo chili kale m'dzina la mzindawo. Ndinathamanga koma ndinapeza itapita. Lamulo linkalola kusinthira tikiti ku sitima ina ya tsiku lomwelo ngati muli malo, koma nyengo imeneyo dziko lonse limakhala pa ulendo wopita kumudzi, malo analibe. Ndinabwerera ku hositelo ndili ndi paketi ya ufa m'chikwama.

Ngakhale pamenepa sindinasinthe. Ndinkati ndi tsoka chabe.

Chimene chinandigwetsa pansi chinachitika mu Malichi. Bambo wina anaimba foni masana, akulankhula pang'onopang'ono, mwaulemu, akusakaniza ndi timawu ta Chingerezi. Anatchula dzina langa molondola, n'kunena kuti katundu amene ndinaitanitsa sabata imeneyo watayika panjira ndipo akufuna kundibwezera ndalama kuwirikiza kawiri. Ndinalidi nditaitanitsa nsapato. Mawu akuti 退款 (tuìkuǎn), kubweza ndalama, ndinkawadziwa, ndipo mtima unakondwa kuti ndikumva zimene munthu akunena pafoni popanda wondithandiza. Ananditumizira linki, ndinalembamo nambala ya khadi yanga ya kubanki. Kenako anati: "Ibwera nambala pafoni yanu, mundiwerengere." SMS inabwera. Maso anga, monga mwa chizolowezi cha miyezi isanu ndi umodzi, analumpha zilembo zonse n'kukatera pa manambala asanu ndi limodzi. Ndinamuwerengera. Anathokoza n'kudula.

Pasanathe mphindi imodzi uthenga wina unalowa, ndipo umenewu ndinaumva chifukwa munali 2,000 ndi chizindikiro chochotsera: ma yuan 2,000 pa 3,000 anga apamwezi aja anali atapita.

Kwathu tonse timawadziwa akathyali aja oimba foni kuti "ndatumiza ndalama molakwika, mundibwezere." Munthu wotero sakanandipusitsa ku Lilongwe. Koma apa ndinali ngati mwana. Madzulo ake mnzanga Mtchaina wa ku chigawo cha Anhui, amene tinkathandizana zinenero, anatenga foni yanga n'kundiwerengera uthenga woyamba uja liwu ndi liwu. Unkati 验证码 (yànzhèngmǎ), nambala yotsimikizira. Unkati 支付 (zhīfù), kulipira, ndi ndalama yake yomwe, osati kulandira. Ndipo kumapeto kwake kunali 请勿泄露给他人 (qǐng wù xièlòu gěi tārén): chonde musauze munthu wina aliyense. Chenjezo lonse linali m'manja mwanga, pamwamba ndi pansi pa manambala amene ndinawerengawo. Pa zilembo za chenjezolo, zoposa theka ndinkazidziwa.

Tinapita kupolisi ya m'dera lathu, tinalemba zonse, tinaimbiranso kubanki kuti atseke khadi. Ndalama sizinabwerere. Usiku ndinaimbira achimwene anga ku Ntcheu ndikulira.

"Achimwene, andibera."

"Iwe uli bwino? Sanakupweteke?"

"Ayi, zinali za pafoni."

Anakhala chete, kenako anafunsa modekha: "Nanga uthengawo unkati chiyani, chemwali?"

"Sindinawerenge, achimwene."

Sanandikalipire. Alamu anga anakakongola ku banki nkhonde n'kunditumizira kangachepe, ngongole imene anaibweza miyezi inayi. Mwezi umenewo ndinkadya mabanzi ophika ndi nthunzi, mántou, ndi ndiwo zotchipa za ku kantini. Njala sinkandiwawa ngati funso lija.

Ngati mukupita ku China, kapena muli kale kumeneko, mawu atatu awa muwadziwe musanadziwe moni: 验证码, 支付 ndi 请勿 (qǐng wù, "chonde musachite"). Nambala yotsimikizira sauza munthu, ngakhale atadziwa dzina lanu ndi zimene mwagula.

Mu Epulo ndinayamba kutolera mauthenga kuti ndiziwawerenga ngati phunziro. Koma ndinayamba molakwika. Ndinkajambula sikirini uthenga uliwonse wolowa, ndipo pa sabata zitatu ndinali ndi zithunzi zoposa mazana asanu. Sindinabwererenso kukawerenga ngakhale makumi awiri. Kutolerako kunkandipatsa mtima woti ndikugwira ntchito, chonsecho ndinali nditangosamutsa mulu kuchoka pamalo ena kupita pena. Aphunzitsi athu a kalasi yowerenga ndi amene anandiwongola nditawaonetsa.

"Lǎoshī, onani zimene ndatolera."

Anayang'ana pang'ono n'kunena kuti ndigule kope, ndizikopera pamanja mauthenga asanu okha patsiku, ndipo pansi pa uliwonse ndizilemba amene watumiza ndi chimene chinachitika pambuyo pake. Kope ndinagula ya ma yuan atatu. Mauthenga asanu ankanditengera pafupifupi ola limodzi masiku oyambirira, chifukwa chilembo chilichonse chachilendo ndinkachijambula ndi chala mu Pleco, dikishonale ya pafoni, kuti ndipeze katchulidwe kake. Pofika mwezi wachiwiri zinkatenga mphindi khumi ndi zisanu.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mauthengawo amabwerezabwereza. Ndinagawa kope magawo anayi: a katundu ndi chakudya, a kampani ya foni ndi banki, a sukulu ndi hositelo, ndi a anzanga. Magawo atatu oyambawo anadzaza msanga ndi mawu omwewomwewo. Wobweretsa chakudya salemba chiganizo chathunthu ngati cha m'buku. Amangoti 到了 (dào le), ndafika. 下来拿 (xiàlái ná), tsikani mudzatenge. 放门口了 (fàng ménkǒu le), ndasiya pakhomo. "Ine" ndi "inu" mulibemo, umazidziwa wekha. Dalaivala wa Didi, takisi yoitanitsa pafoni, amafunsa 你在哪个门 (nǐ zài nǎge mén), muli pa geti liti, chifukwa sukulu za kumeneko zimakhala ndi geti la kumpoto, la kum'mwera ndi ena, ndipo iwe pomuyankha umamutchula 师傅 (shīfu), dzina laulemu la madalaivala ndi amisiri. Akati 马上到 (mǎshàng dào), ndifika pompano, zili ngati kondakitala wa minibasi akati "tikunyamuka": mwina mphindi ziwiri, mwina khumi ndi zisanu. A kampani ya foni amakonda 余额 (yú'é), ndalama yotsala, 流量 (liúliàng), bandulo ya intaneti, ndi mawu awiri oopsa, 欠费 (qiànfèi) ndi 停机 (tíngjī): muli ndi ngongole, tikutsekerani nambala. Nambala ikatsekedwa, uthenga wa kubanki sufika, ndiye zambiri zimaima. Mauthenga a makampani amakhala ndi dzina lawo m'timabokosi iti 【 】, ndipo masiku amenewo otsatsa malonda ambiri ankathera ndi 退订 (tuìdìng), njira yosiyira kulandira. Nditadziwa zimenezi ndinkatha kusiyanitsa zinyalala ndi zofunika pongoponya diso. Koma timabokosito tisakunamizeni, akuba nawonso amatilemba.

A ku hositelo ankandimasulira mayi woyang'anira pakhomo, amene tonse tinkawatchula āyí, azakhali. Sankadziwa Chingerezi ngakhale liwu limodzi, ndipo n'chifukwa chake anali mphunzitsi wabwino. "Āyí, ichi n'chiyani?" Iwo n'kutsegula mpope wa m'maganizo ndi dzanja, n'kupukusa mutu: 停水 (tíngshuǐ), madzi asiya mawa. M'gulu la kalasi pa WeChat ndinaphunzira kuti chilengezo chikaperekedwa aliyense amayankha 收到 (shōudào), ndalandira. Miyezi yonse ija ine ndinkangokhala chete, ndipo ena ankandiona ngati wonyada.

Gawo la anzanga ndilo linali lovuta, ndipo ndi limene ndinalakwitsamo kwambiri. Mawu ake ndi osavuta koma mtima wake sulembedwa m'dikishonale. 嗯 (èn) mmodzi yekha amamveka ngati munthu watopa nawe. 嗯嗯 awiri ndi kuvomera kwa chikondi. 哈哈哈 ndi kuseka kwenikweni, koma 呵呵 (hēhē), amene dikishonale imati ndi kusekanso, achinyamata ambiri amamumva ngati kunyoza. Kankhope komwetulira ka pa WeChat akuluakulu amakatumiza ndi mtima woyera, pomwe kwa achinyamata kamatanthauza kuti "ndilibe nawe mawu." Ndinakatumiza kwa mnzanga atandiuza kuti wakhoza mayeso, ndipo anandifunsa ngati wandilakwira. Palinso manambala: 88 ndi kutsanzikana, 666 ndi kuyamikira kuti wachita bwino, 520 imamveka ngati "ndimakukonda." Ogulitsa pa Taobao amatchula kasitomala aliyense 亲 (qīn), wokondedwa; liwu limenelo ndi la malonda, silipita kwa aphunzitsi kapena akuluakulu. N'chifukwa chake mzere uja wa "watumiza ndani" ndi wofunika kuposa uthenga weniweniwo. Popanda mzerewo umatola mawu a pamsika n'kukawalankhula mu ofesi.

Chinanso chimene ndikanakonda wina akanandiuza: eni chinenero nawonso amalakwitsa polemba. Amalemba ndi pinyin, ndiye kuti katchulidwe ka mawu m'zilembo ngati zathuzi, foni n'kuwasankhira chilembo, ndipo akakhala pa changu sayang'ana. 在 ndi 再 onse amatchulidwa zài, koma wina ndi "kukhala pamalo" wina ndi "kachiwiri." 的, 得 ndi 地 onse ndi de, ndipo pa WeChat ambiri amangolemba woyambayo paliponse. Ine ndinakopera zolakwikazo mokhulupirika, ndinaziloweza, n'kukazilemba m'chimangirizo. Pepala linabwera lofiira. Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse ndinkapereka kope kwa mnzanga wa ku Anhui uja kuti azindilembera kachizindikiro pamene pali cholakwika kapena mawu a m'dera limodzi lokha.

Mnzanga yemweyo ndi amene ndinamulakwira mu Meyi, ndipo ichi chimandiwawa kuposa ndalama zija. Amalawi atsopano ena anamva za kutolera kwanga n'kupempha kuti ndiziwagawira. Ndinayamba kuponya zithunzi za mauthenga m'gulu lathu. Tsiku lina ndinaponya kukambirana kwathu ndi iye chifukwa munali chiganizo chokoma chosonyeza kagwiritsidwe ntchito ka kaliwu kakuti 了 (le). Sindinadule chithunzicho. Pamwamba panali dzina lake ndi nkhope yake, ndipo mizere iwiri pamwamba pa chiganizocho ankandiuza za matenda a bambo ake ndi ngongole ya kuchipatala. WeChat imalola kubweza uthenga pasanathe mphindi ziwiri zokha. Ine ndinazindikira patapita maola atatu. Wina wa m'gululo, mwa chifundo chake, anakamupepesa atakumana naye ku kantini. Mnzangayo anandilembera mawu ochepa: zimene ndinakuuza ndinauza iwe. Ndinapita kukapepesa pamaso. Anandikhululukira, koma panatenga miyezi iwiri kuti ayambenso kundilembera momasuka, ndipo za kwawo sanandiuzenso.

Chotero musagawire ena zithunzi. Koperani mawu okha, muchotse dzina, nambala ya foni, adiresi, nambala ya katundu, ndi chilichonse cha matenda, ndalama kapena chibwenzi. Ndipo mupemphe kaye. Nditayamba kupempha ndinaona vuto lina: pa anthu asanu ndi mmodzi amene ndinawapempha mauthenga khumi aliyense, awiri okha ndi amene anapereka, ndipo mmodzi anawakonza kaye kuti akhale Chitchaina choyera cha m'buku, poganiza kuti akundithandiza. Munthu akadziwa kuti mlendo akuphunzirirapo amayamba kulemba mosamala. Mauthenga abwino kwambiri anali amene anabwera okha kwa ine, pa nkhani zanga. Ndinapezanso pa intaneti mauthenga masauzande ambiri, a Chingerezi ndi a Chitchaina, amene ofufuza a National University of Singapore anatolera kwa anthu ongodzipereka. Ndi othandiza kwa munthu amene sanafike ku China, koma ndi a nthawi imene WeChat, yomwe inayamba mu 2011, inali isanalande malo a SMS, ndipo sudziwa amene ankalemberana ndi ndani.

Mu Juni 2017 ndinalemba mayeso a Chitchaina otchedwa HSK 4, amene sukulu inkafuna tisanayambe digiri. Ankafuna mawu 1,200, ndipo pa malikisi 300 unkakhoza ukapeza 180. Ndinakhoza. Ndinene zoona: kope inandithandiza pa gawo lowerenga, chifukwa maso anali atasiya kuthawa zilembo ndipo ndinamaliza nthawi isanathe. Pa gawo lolemba sinandithandize, mwina inandibwezako m'mbuyo, popeza mayeso amafuna ziganizo zathunthu zimene wobweretsa chakudya salemba. Buku la m'kalasi musalitaye.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho foni yanga inagwera m'madzi n'kuferatu. Ndinkaganiza kuti ndikalowa pa WeChat m'foni yatsopano ndipeza zonse. Ayi ndithu: WeChat imasunga zokambirana m'foni momwemo, ndipo ngati sunazisamutsire pa kompyuta kapena pa foni ina, zapita. Zithunzi mazana asanu zija, mauthenga a mawu amene ndinkawasandutsa zilembo kuti ndiziwerenga ndikumvetsera, zonse zinatha tsiku limodzi. Chinatsala ndi makope awiri a pamanja.

Tsiku limene ndinadziwa kuti zasintha linali wamba. M'gulu la ophunzira akunja munalowa chilengezo chachitali cha Chitchaina, ndipo ndinachiwerenga ndili pamzere wa chakudya, chala osapita pa batani lija. Chinali cha 居留许可 (jūliú xǔkě), chilolezo chokhalira m'dzikomo: lamulo limafuna kuti upemphe kuwonjezera kutatsala masiku 30 kuti chithe, ndipo wopitirira nthawi amalipitsidwa ma yuan 500 patsiku, mpaka kufika 10,000. Ndinakagogoda kwa anyamata awiri, wa ku Zambia ndi wa ku Mzimba, amene ndinkadziwa kuti mauthenga oterewa amangowadutsa. Mmodzi anali atatsala ndi masiku 33.

Ndinabwerera kumudzi mu 2019 ndi makope atatu. Chaka chatha msuweni wanga, amene amaitanitsa zikwama ndi nsapato ku Yiwu, mzinda wa ku China, n'kumagulitsa ku Limbe, anabwera kunyumba ndi foni m'manja. Wogulitsa ankafuna ndalama yoyambira asanayambe kusoka, ndipo batani lomasulira linkangomupatsa liwu limodzi la Chingerezi.

"Asuweni, tandionerani, akuti ndikasintha maganizo andibwezera?"

Ndinakulitsa zilembozo. Pali mawu awiri otchulidwa mofanana, dìngjīn. 订金 ndi ndalama yongoperekeratu, imene kawirikawiri imabwezedwa malonda akalephereka. 定金 ndi chikole cha mwalamulo: wogula akabwerera m'mbuyo, ndalamayo yapita. Wogulitsayo anali atalemba 定金. Ndinamuuza kuti asatumize kaye, tinalemba limodzi funso lofunsa ngati ndalamayo ingabwezedwe, 可以退吗, ndipo tikudikira yankho ndinakatenga kope yachitatu m'kabati n'kumutsegulira gawo la katundu. Anapempha cholembera n'kuyamba kukopera uthenga wake woyamba pa tsamba lotsala kumapeto.